Yambani ndi mitolo ya zisanu: kaphunzitsidwe ka manambala kwa ophunzira zauphunzitsi

Lembani pa bolodi samu iyi: 52 − 38. Ophunzira zauphunzitsi amene angofika kumene ku koleji, aliyense ali ndi MSCE yake, sachedwa nayo. Musanaike choko pansi wina wakuwa kale kuti 14. Ndiye ponyani funso lachiwiri: "Mwati pa 2 sitingachotse 8, ndiye tabwereka wani kwa 5. Nanga wani ameneyu akafika pa 2, bwanji tikupeza 12 osati 3?" Kalasi yonse imangoti zii. Ena amaseka, ena amayang'ana pansi, ndipo nthawi zonse pamapezeka mmodzi wolimba mtima amene amati, "Ndi mmene anatiphunzitsira, madamu."

Sakunama. Ambiri mwa iwo anaphunzira m'makalasi odzaza thothotho, momwe mphunzitsi mmodzi sakanatha kufikira mwana aliyense, ndipo njira yachidule inali kuloweza. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pomwe ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu sanapepukenso. Tsono munthu amene analoweza njira popanda kumvetsa chifukwa chake akaima kutsogolo kwa ana a Sitandade 2, amawapatsa zomwezo. Mwana akasokonezeka, iye amangobwereza mawu omwewo mokweza.

Malangizo awa ndi a anzanga ophunzitsa masamu m'makoleji a aphunzitsi, komanso aphunzitsi akuluakulu m'sukulu za kuno ku Zomba amene amalandira ophunzirawa akabwera kudzayeserera ntchito. Mu ndondomeko ya IPTE, yomwe ndi ya maphunziro a aphunzitsi a pulayimale, ophunzira amakhala materemu awiri ku koleji, awiri kusukulu, kenako awiri ena kubwerera ku koleji, ndipo teremu yoyamba imatsamira pa makalasi ang'onoang'ono. Zomwe ndalemba panozi ndi za teremu yoyambayo, ndipo zimafuna masabata atatu kapena anayi.

Choyamba, atumeni akatole zipangizo

Musawapatse. Awiriawiri abwere ndi timitengo 130 tolingana kutalika, ngati chala chapakati kapena kupitirira pang'ono. Tansungwi kapena tabango n'tabwino chifukwa sitithyoka msanga. Abwerenso ndi mphira wodula kuchokera ku chubu chakale cha njinga (okonza njinga pa Chinamwali kapena pa Songani amataya machubu ambiri), zitsekerero za mabotolo, ndi katoni yomwe adule n'kujambulapo mizere kuti pakhale zipinda zinayi. Awa ndiwo maganizo a TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera, amene mabuku ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi amalimbikitsa, koma chifukwa changa chenicheni n'china: wophunzira amene wadula yekha timitengo 130 amadziwa kuti ntchitoyo imatenga madzulo amodzi okha, ndipo akadzafika kusukulu ya kumudzi sadzanena kuti kulibe zipangizo.

Nambala ya 130 ili ndi chifukwa chake. Muiona kutsogoloku.

Chachiwiri, awerengetseni m'Chichewa

Musanakhudze timitengo, auzeni awerenge mokweza kuyambira chimodzi mpaka makumi awiri, m'Chichewa chokhachokha. Amayamba bwino: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Akafika pa 6 lilime limathamangira ku "sikisi". Abwezeni. Zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi.

Aimitseni pamenepo n'kuwafunsa chimene amva. Chinenero chathu chili ndi mayina a manambala asanu okha oyambirira. Chikafika pa zisanu, dzanja limodzi latha, chimamanga mtolo n'kuyambiranso. Manja awiri akatha ndi khumi. Amene akuchokera m'mabanja a Chiyao, ndipo kuno ku Zomba sasowa m'kalasi, akuuzani kuti kwawonso zili chimodzimodzi: mcheche, msano, kenako msano n'kuwonjezapo, mpaka likumi. Apatseni mpata awerenge m'zinenero zawo. Pomwepo amayamba kuona kuti kuwerenga m'magulu si nzeru yobwera ndi sukulu.

Kenako lembani 47 ndipo wina aitchule: makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Mawu akuti mphambu ndimawakonda kwambiri, chifukwa akunena ndendende chimene mabuku amachitcha mawani: zotsala zimene sizinakwane mtolo. Yerekezani ndi Chingerezi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akamva "thirteen" amamva 3 poyamba, ndiye n'chifukwa chake ena amalemba 31; komanso "thirteen" ndi "thirty" m'khutu mwake ndi mawu amodzi. "Eleven" ndi "twelve" samuuza chilichonse za khumi. Koma "khumi ndi zitatu" akumuuza zonse, ndiponso m'dongosolo lomwe adzalembere.

Sindikunena kuti tisiye mayina a Chingerezi. Kumsika, m'minibasi, pa mayeso a MANEB, manambala amatchulidwa m'Chingerezi ndipo ana ayenera kuwadziwa. Ndikunena kuti mphunzitsi amene ali ndi mayina onse awiri ali ndi chothandizira mwana akakakamira.

Chachitatu, alowetseni m'dziko la zisanu

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo musafulumirepo. Vuto la munthu wamkulu ndi lakuti manambala a makumi anamulowerera kwambiri moti saonanso chovuta chilichonse. Kuti amvetse mwana, ayenera kubwerera pa umwana, kusokonezeka ngati mmene mwana amasokonezekera. Njira yake ndi kumulanda khumi.

Lengezani lamulo: lero tili m'dziko limene anthu ake amawerengera dzanja limodzi. Zizindikiro zololedwa ndi 0, 1, 2, 3 ndi 4 basi. Timitengo tikakwana tisanu, timangidwe mtolo n'kusamukira m'chipinda chachiwiri cha katoni, chakumanzere. Mitolo ikakwana isanu, imangidwe pamodzi kukhala chimtolo, chisamukire m'chipinda chachitatu. M'chipinda chilichonse simuloledwa kukhala zinthu zisanu.

Mmodzi aziika kamtengo kamodzikamodzi, mnzake azilemba zomwe zili pa katoni: 1, 2, 3, 4. Kachisanu kakafika, amange mtolo. Alembe chiyani? Ambiri amalemba 5. Akumbutseni kuti chizindikiro chimenecho kulibe m'dziko lino. Asiyeni akangane. Pamapeto pake wina amazindikira kuti pa katoni pali mtolo umodzi, mphambu palibe, ndipo amalemba 10. Musalole aliyense kuitchula kuti "teni". Azinena kuti "wani ziro", kapena bwinonso, "mtolo umodzi wopanda mphambu".

Apitirize: 11, 12, 13, 14, 20, mpaka 44. Pa 44 afunseni alosere nambala yotsatira asanaike kamtengo. Mudzamva 45, mudzamva 50. Aike kamtengoko aone okha: mphambu zakwana zisanu, amanga mtolo, mitolo nayo yakwana isanu, amanga chimtolo, chatsala ndi 100. Timitengo tili m'menemo ndi 25 tokha. Chimene chikuwachitikira pamenepa ndi chomwe chimachitikira mwana wa Sitandade 2 pakati pa 99 ndi 100. Amene ali ndi changu apitirize mpaka 444, yomwe ndi timitengo 124, ndipo kamtengo kamodzi kowonjezera kadzawakakamiza kumanga katatu motsatizana n'kutsegula chipinda chachinayi: 1000. N'chifukwa chake ndinati 130.

Tsiku lotsatira apatseni masamu, akadali m'dziko lomwelo. Yambani ndi kuphatikiza 24 ndi 13. Mphambu 4 ndi 3 zikupanga timitengo tisanu ndi tiwiri: mtolo umodzi ndi mphambu ziwiri. Mitolo tsopano ndi 2, 1 ndi watsopanoyo, yonse 4. Yankho ndi 42. Afunseni kuti "wani" amene timati tasunga uja ndi chiyani, ndipo amuloze pa katoni. Ndi mtolo, uli m'manja mwawo.

Kenako kuchotsera: 31 − 14. Samu imeneyi ndi msampha, ndipo ndimaitchera dala. Oposa theka amalemba 17, chifukwa dzanja lawo lazolowera: abwereka wani, 1 wasanduka 11, achotsa 4, apeza 7. Musawauze kuti alakwa. Ingofunsani kuti 7 ameneyu wachokera kuti m'dziko lopanda 7. Abwerere ku timitengo. Akamasula mtolo umodzi mukutuluka tisanu, osati khumi; kuphatikiza ndi kamodzi kaja ndi tisanu ndi kamodzi; kuchotsapo tinayi kutsala tiwiri; mitolo inatsala iwiri, kuchotsapo umodzi kutsala umodzi. Yankho ndi 12. Nthawi zambiri apa pamamveka "Ohoo!" kuchokera kumbuyo kwa kalasi, ndipo funso lija la 52 − 38 layankhidwa popanda inu kufotokoza.

Mmodzi kapena awiri amadandaula kuti zimenezi sizili mu silabasi ya pulayimale. N'zoona, ndipo auzeni momveka kuti asakaphunzitse ana manambala a zisanu. Phunziroli ndi la iwo, osati la ana.

Ngati nthawi ilipo, achite chimodzimodzi ndi mitolo ya ziwiri kwa mphindi makumi awiri. Timitengo 13 tidzalembedwa 1101, ndipo muwauze kuti kompyuta ndi foni zimasunga manambala m'njira imeneyi. Osapitirira apo.

Chachinayi, bwererani ku makumi, koma musinthe mawu

Amasule mitolo yonse, amange ya khumikhumi, ndipo alembe mayina pamwamba pa zipinda: mawani, mateni, mahandiredi. Abwereze 52 − 38 ndi timitengo, akufotokoza mokweza chilichonse chimene manja akuchita.

Mawu akuti kubwereka ndi amene ndimalimbana nawo. Chobwereka chimabwezedwa, nanga wani ameneyu timam'bweza liti? Ana ena amafunsadi funso limeneli, ndipo ali ndi mfundo. Chomwe chikuchitika ndi kumasula mtolo, kapena kusintha ndalama. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zomba akalandira K1,000 pa mulu wa K300, sabwereka kanthu. Amapita kwa mnzake wa masamba kukasintha kuti apeze ing'onoing'ono. Ndalama ndi yomweyo, yangosintha maonekedwe. 52 ndi mitolo isanu ndi mphambu ziwiri, komanso ndi mitolo inayi ndi mphambu 12. Wophunzira akatha kunena chiganizo chimenechi payekha, wamvetsa. Mawu a kubwereka adzawapezabe m'sukulu zimene akupita, ndipo sikuti akakangane ndi aphunzitsi akale. Angodziwa chimene mawuwo akubisa.

Ziro amafuna tsiku lakelake. Ikani chimtolo chimodzi ndi timitengo tisanu pa katoni, chipinda chapakati chili mbee. Chotsani katoniyo n'kufunsa kuti munthu amene sanaione angadziwe bwanji kuti ndi 105 osati 15. Ntchito ya ziro ndi imeneyo: kulondera chipinda chopanda kanthu kuti ena asalowemo. Amene amauza ana kuti "ziro si kanthu" adzavutika kufotokoza kusiyana kwa K50 ndi K500.

Chachisanu, aonetseni kuti anthu anawerengapo m'njira zina

Yambani ndi zapafupi. Dziko lino lisanayambe kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala mu 1971, agogo athu ankagula ndi mapaundi, mashilingi ndi makobiri. Makobiri 12 ankapanga shilingi imodzi, mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi. Apatseni samu: mashilingi 7 ndi makobiri 9, kuphatikiza mashilingi 5 ndi makobiri 8. Makobiri akwana 17, kutanthauza shilingi imodzi ndi makobiri 5. Yankho ndi mashilingi 13 ndi makobiri 5. Anthu amene ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu ankachita zimenezi m'mutu pogulitsa fodya ndi mpunga, mtolo wina wa 12, wina wa 20, m'samu imodzi. Atumeni akafunse achikulire kumudzi kwawo pa tchuthi. Amabwerako ndi nkhani zambiri.

Nthawi nayo ili ndi mitolo yake. Kugawa zinthu m'magulu a 60 kunachokera kwa anthu akale a ku Babulo, ndipo tikadali nako m'mphindi ndi masekondi. Minibasi yanyamuka pa depoti ya Zomba 7:45 ndipo yayenda ola limodzi ndi mphindi 30 kukafika ku Limbe. Mwana amene walemba 8:75 sanalakwitse kuphatikiza. Sanadziwe kuti mtolo wa pano ndi 60. Wophunzira amene anavutika ndi 31 − 14 amachiona msanga chimenechi.

Manambala a Chiroma ali mu silabasi ya makalasi apamwamba, ndiye muwaphunzitse ndithu, koma muwagwiritsenso ntchito ina. Alembe 1975, chaka chimene likulu la dziko linasamuka kuchoka kuno ku Zomba kupita ku Lilongwe: MCMLXXV. Kenako ayese kuphatikiza XXVII ndi XV moika ina pansi pa inzake monga tichitira masiku onse. Sizitheka bwino, chifukwa X ndi khumi kulikonse kumene waima, ndipo palibe ziro. 105 ndi CV basi. Akatuluka thukuta mokwanira, auzeni kumene manambala athuwa anachokera. Anayambira ku India, kumene Brahmagupta analemba malamulo a kawerengedwe ka ziro m'chaka cha 628. Akatswiri a ku Baghdad monga al-Khwarizmi anawafalitsa m'zaka za m'ma 800, ndipo Fibonacci wa ku Italy anawalimbikitsa kwa amalonda a ku Ulaya mu 1202. Ngakhale Azungu anachita kuwaphunzira kwa ena, ndipo zinawatengera zaka mazana kuti awazolowere. Mwana wa ku Jali tikumufuna awamvetse m'materemu ochepa.

Chachisanu ndi chimodzi, aphunzire kuwerenga zolakwa za ana

Mphunzitsi watsopano akaona yankho lolakwa amathetha ndi cholembera chofiira n'kupitirira. Muphunzitseni kuima. Zolakwa zambiri za ana sizichitika mwangozi. Mwana amatsatira lamulo lake limene wadzipangira, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kulipeza.

Lembani izi pa mapepala, gulu lililonse lilandire imodzi, popanda kuwauza chimene chinachitika:

27 + 15 = 312
52 − 38 = 26
403 − 157 = 354
23 × 14 = 115
612 ÷ 6 = 12

Gulu lipeze zinthu zitatu: mwanayu anaganiza bwanji, samu ina iti imene angailakwe mofananamo ndipo angalembe yankho lanji, komanso angamufunse funso lanji kapena kumupatsa chiyani m'manja kuti aone yekha. Funso lachiwirilo ndi limene limasiyanitsa amene wamvetsa ndi amene wangolota.

Woyambayo anaphatikiza bwino 7 ndi 5 n'kulemba 12 yense m'chipinda cha mawani, sanamange mtolo. Wachiwiri ndi wachitatu ndi mwana mmodzi: m'chipinda chilichonse amachotsa yaing'ono pa yaikulu posayang'ana kuti ili pamwamba ndi iti, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi mphunzitsi amene ananena kuti "timachotsa yaing'ono pa yaikulu nthawi zonse". Wachinayi anachulukitsa 23 ndi 4 n'kupeza 92, kenako 23 ndi 1 n'kupeza 23, osazindikira kuti 1 ameneyo ndi khumi. 92 ndi 230 zikanamupatsa 322. Wachisanu ndi amene amavutitsa ngakhale ophunzira athu. Aike ndalama zoseweretsa patebulo: ma K100 asanu ndi limodzi, K10 imodzi, ma K1 awiri, agawire anthu asanu ndi mmodzi. Aliyense alandira K100. K10 imodzi singagawike, choncho aliyense walandira ma K10 okwana ziro, ndipo ziro ameneyo ayenera kulembedwa. Isinthidwe, ma K1 akhale 12, aliyense atenge awiri. 102. Mwana akanangodzifunsa kuti anthu asanu ndi mmodzi ogawana ndalama yoposa K600 angalandire bwanji K12 aliyense, akanadzigwira yekha. Chizolowezi choyerekeza yankho musanawerenge chiphunzitseni pa samu iliyonse.

Ngati muli pa ubale wabwino ndi sukulu yoyandikana nayo, pemphani makope enieni a ana, mutaphimba mayina. Zolakwa zenizeni zimaphunzitsa kuposa zimene ine ndingapeke.

Chomaliza, aime kutsogolo

Aliyense aphunzitse anzake kwa mphindi khumi, anzakewo atasanduka ana a Sitandade 2. Musanayambe, nong'onezani atatu kuti azilakwa mwanjira imodzi mwa zija, mosasinthasintha, ndipo muone ngati wophunzitsayo aigwira. Muziyang'ana zinthu ziwiri zokha: kodi timitengo tili m'manja mwa ana kapena mwa mphunzitsi yekha, ndipo kodi zomwe akulemba pa bolodi zikuyenda limodzi ndi zomwe manja akuchita. Kulephera kofala ndi kwakuti amaonetsa mitolo kwa mphindi zisanu, n'kuiika pambali, n'kuyamba "bwereka wani" ngati kuti mitoloyo inali sewero chabe. Pa 52 − 38, mtolo ukamasulidwa, nthawi yomweyo 5 athethedwe pa bolodi alembedwe 4.

Adzakufunsani kuti zimenezi zingatheke bwanji m'kalasi ya ana oposa 100 okhala pansi. Yankho langa ndi lakuti mwana aliyense abwere ndi timitengo 20 kuchokera kwawo, akhale asanuasanu, gulu lililonse likhale ndi timitengo 100. Zipinda azijambula pansi ndi choko kapena khala, kapena pa mchenga ngati akuphunzirira pansi pa mtengo. Mphunzitsi akhale ndi mitolo ikuluikulu ya mapesi a chimanga yoti wakumbuyo aione. Timitengo tisamapite kunyumba, tizisungidwa m'thumba la shuga kuofesi ya ahedi, apo ayi pofika Lachitatu theka lasonkhezeredwa moto.

Sabata lomaliza asanapite kusukulu zoyeserera, ndimawaitana mmodzimmodzi pa tebulo langa. Pamakhala mitolo ya khumikhumi, katoni, ndi pepala lolembedwa 403 − 157. Cholembera sindiwapatsa mpaka timitengo 246 titatsala pa katoni ndipo andiuza, m'Chichewa, chifukwa chimene ziro uja wasandukira 9.